Pansi pa Nthaka Palibe Mpanda

Nkhani yathu ya lero yayambira pachitsime.

Tsiku lina m'mwezi wa October, dzuwa lili paliwombo, tinaona achinyamata atatu ataima pachipata cha nyumba ina chakumalire a Matero ndi George. Awiri anali ana athu ophunzira pa Yunivesite ya Zambia, mnyamata ndi mtsikana. Wachitatu anali mnzawo wochokera ku Ulaya, amene anabwera kudzachita nawo kafukufuku kwa miyezi ingapo. Ananyamula tepi yaitali yokulungidwa pakagudumu, timabotolo topanda kanthu, ndi kabuku kolembamo. Ataodira, panatuluka mayi wachikulire, mwini nyumbayo.

"Ambuya, ndife ana a sukulu. Tabwera kudzapempha kuti tiyeze madzi a m'chitsime chanu," anatero mtsikana uja atagwada.

"Chitsime chiti, adzukulu anga? Pano palibe chitsime. Ife timatunga kumpopi."

Chonsecho chitsime chinali pomwepo kuseri kwa nyumba, chovundikiridwa ndi lata lakale ndi tayala pamwamba pake. Ambuyawo sanakane chifukwa cha kuuma mtima ayi. Iwo anali kukumbukira chaka cha 2018, pamene asilikali ankayenda m'makomboni kukwirira zitsime zosaya pofuna kuthetsa kolera. Kwa iwo, mlendo aliyense wofunsa za chitsime ali ndi fosholo kumbuyo. Panapita nthawi ndithu mtsikanayo akufotokoza, mpaka iwo anachotsa lata lija ndi manja awo. Tepi inatsitsidwa, kachitsulo ka kunsonga kwake kanalira katakhudza madzi, ndipo mnyamata analemba nambala m'kabuku. Pamenepo ambuya anafunsa funso limene latikhala mumtima mpaka lero: "Nanga zimene mwalembazo, mudzabwera kudzatiuza?"

Madzi amene tikupondawa

Kuti timvetse chimene achinyamatawa amafuna m'zitsime zathu, tiyambe tadziwa kumene madzi athu amachokera. Mzinda wa Lusaka ulibe mtsinje waukulu. Chunga kuno kwathu ndi Ngwerere chakumpoto chakum'mawa ndi timitsinje chabe, tosakwanira kumwetsa anthu oposa 2 miliyoni amene anawerengedwa mumzinda muno m'kalembera wa 2022. Madzi ena amapopedwa kuchokera kumtsinje wa Kafue, pamalo otchedwa Iolanda, nayenda m'mipope makilomita pafupifupi 50 kukwera mtunda. Komatu kwa zaka zambiri theka la madzi a m'mipopi yathu, mwinanso kuposerapo, lakhala likuchokera pansi pa mzinda womwewu, m'zitsime zakuya zoposa 100 za kampani ya madzi, zija tonse timangoti ma borehole. Onjezani pamenepo zitsime za m'makomo, za masukulu, za maparishi ndi za mafakitale, ndipo mudzaona kuti Lusaka ndi mzinda womwa pansi pa mapazi ake.

Pansipo pali miyala ya mitundu iwiri ikuluikulu. Chakumpoto, kumene kuli Matero, kwachuluka miyala yothinana imene sisunga madzi ambiri. Akatswiri a miyala anachita kupatsa thanthwe lina lolimba dzina la dera lathu lino, amalitcha Matero quartzite. Koma kuyambira kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, kudzera ku Chawama, Misisi ndi Kanyama mpaka kumadzulo, kwayala thanthwe la mtundu wa laimu lotchedwa dolomite. Ndi mwala womwe uja amayi amaswa ndi nyundo m'mbali mwa misewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, kotero kuti pa zaka zikwizikwi wachita ming'alu, mphako ndi mapanga ngati m'kati mwa chulu. M'mphakomo ndimo mukhala madzi. Aliyense amene anafikapo padziwe la Ngwenya ku Misisi kapena la Blue Water ku Chawama anaiona kale nkhokwe imeneyi ndi maso ake: anthu anakumba miyala mpaka anafika pamadzi, madziwo natsala poyera.

Mvula ndiyo imathira m'nkhokwe

Nkhokwe yongotapamo osathiramo sichedwa kuonetsa pansi. Chimene chimathira kwambiri m'nkhokwe yathu ya madzi ndi mvula. Lusaka amalandira mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa kuyambira November kulekeza March. Madzi ochuluka amauma ndi dzuwa kapena kumwedwa ndi zomera, ena amathamanga m'ngalande kupita kumitsinje, ndipo gawo lochepa lokha ndilo limalowa pansi.

Si paliponse pamene madzi amalowa mofanana. Malo ofunika koposa ndi mtunda wa kum'mwera chakum'mawa, kumene kunali nkhalango ya boma ya nambala 26. Mvula yolowa pansi kumeneko imayenda m'ming'alu ya thanthwe kulowera kumpoto chakumadzulo, kudutsa pansi pa mzinda. Lero mbali ina ya nkhalangoyo ndi Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo mbali ina inapatulidwa kuti kukhale mafakitale. Chakum'mawa kuli nkhalango ya nambala 27, kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Chalimbana. Imeneyi inachotsedwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1983, ndipo inabwezeretsedwa mu 1996 anthu a ku Chalimbana atadandaula. Pakati pa 2017 ndi 2019 mbali zina zinachotsedwanso, nyumba zinayamba kumangidwa, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kumakhoti. Paliponse pamene payalidwa phula, simenti kapena denga, pakamwa pa nkhokwe pamakhala patatsekedwa pang'ono.

Tsoka lake ndi lakuti khomo lolowera mvula ndi lomwenso limalowera zonyansa. M'madera ambiri okhala pa dolomite dothi ndi lochepa kwambiri, mwina thanthwe limachita kuonekera pamwamba, motero palibe chosefa madzi. Anthu ambiri a m'makomboni amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba. Nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kukakumana ndi dzenje la chimbudzi, ndipo chimene chalowa m'mng'alu lero chingathe kutulukira m'chitsime cha mnansi patangopita masiku ochepa. Madziwo amaoneka oyera mbee, koma diso siliona tizilombo. Kolera amene anabuka mu October 2017 anadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. M'madera ena ngakhale mapemphero a Lamulungu anayamba aimitsidwa. Wa 2023 mpaka 2024 anaposa pamenepo: oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 anatisiya, ndipo ana sanatsegulire sukulu mpaka mu February.

Wina anganene kuti, "Ife a ku Matero tili pathanthwe lina, zimenezo ndi za a ku Kanyama." Ayi, abale. Madzi a m'mipopi yathu amachokera m'nkhokwe yomweyo ndi ku Kafue. Ndiwo zamasamba, minibasi ndi maliro zimatilumikiza tsiku ndi tsiku. Bwalo la Heroes Stadium, limene linasanduka chipatala cha kolera mu 2018 ndiponso mu 2024, lili pafupi ndi ife. Pamwamba pa nthaka tili ndi mipanda, mageti ndi mapepala a maploti, koma pansi pa nthaka palibe mpanda.

Chifanizo cha m'kompyuta

Tsono popeza palibe munthu angalowe pansi kukaona m'mene madzi akuyendera, ophunzira amapanga chifanizo chake ndi masamu. Maziko a masamuwo ndi akale. Mu 1856 mmisiri wina wa ku Dijon, m'dziko la France, dzina lake Henry Darcy, anathira madzi m'mipope yodzaza mchenga napeza lamulo losonyeza liwiro limene madzi amadutsira m'nthaka. Patapita zaka zoposa 100, mu 1984, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi miyala linatulutsa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MODFLOW, imene ophunzira ambiri padziko lonse amayambira pophunzira ntchitoyi.

Kachitidwe kake si kovuta kumva. Tayerekezani kuti mwatenga mapu a Lusaka ndi kuwadula timabokosi tambirimbiri ngati nsalu ya mandalasi a draft. M'kabokosi kalikonse mukuuza kompyuta zinthu zinayi: mwala umene uli pansi, mvula imene imalowa, madzi amene amapopedwa, ndi kumene madzi amatulukira okha monga akasupe ndi mitsinje. Kompyuta imawerengera m'mene madzi angayendere kuchoka m'kabokosi kena kupita kena, ndipo imanena kuti pamalo akutiakuti madzi ayenera kupezeka pa mamita akuti. Apa ndi pamene tepi ija imagwira ntchito. Wophunzira amapita kuchitsime chenicheni kukayeza. Ngati kompyuta yanena mamita 10 koma tepi yalira pa mamita 3, ndiye kuti yalakwa ndi kompyuta, ndipo wophunzira amabwerera kukakonza. Amatero kambirimbiri mpaka chifanizo chitayamba kufanana ndi nthaka yeniyeni.

Chifanizo chikakhwima, munthu angathe kuchifunsa mafunso amene sangayesedwe pa anthu amoyo. Nanga mvula itakana zaka ziwiri zotsatizana, monga inakanira m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, ndi zitsime ziti zingayambe kuphwa? Nanga mtunda wonse wa kum'mwera chakum'mawa utamangidwa? Nanga mafuta atatayikira pansi pafakitale yakuti, angafike pa borehole iti, ndipo patapita nthawi yotani? Mayankho a mafunso otere ndiwo amathandiza olamulira kudziwa poyenera kukumba, poyenera kuletsa kumanga, ndi komboni yoyenera kuyamba kulandira mipope ya zonyansa.

Zimene kompyuta sidziwa

Komabe tisaipembedze kompyutayo. Lamulo la Darcy linapezedwa mumchenga, momwe madzi amayenda mofatsa ndi mofanana ponseponse. M'thanthwe la mphako ngati la Lusaka madzi ali ndi njira zawo zachidule. Zitsime ziwiri zingakumbidwe moyandikana, china n'kutulutsa madzi osatha, chinzake n'kukhala chouma gwa, chifukwa china chagwera pamng'alu, chinzake chaphonya. Akatswiri eni ake amavomereza kuti thanthwe lotere ndi limodzi mwa ovuta koposa kuwafanizira.

Nanga njira zachidulezo adziwa ndani? Adziwa ndi anthu amene akhala pamalopo zaka 40. Ambuya aja atamasuka anayamba kuuza ana a sukuluwo kuti m'mwezi wa February madzi a m'chitsime chawo amakwera mpaka munthu kutunga ndi dzanja, kuti chinaphwa koyamba m'chilala cha 2024, ndi kuti kumunsi kwa msewu wawo, pamene lero pali nyumba, kale panali dambo pomwe ana ankagwira achule. Mlendo wa ku Ulaya uja ankangoti mnzake amumasulire msanga, cholembera chili m'manja. Zimene anamva tsiku limenelo sakanazipeza m'buku lililonse la kwawo.

Palinso china chimene kompyuta singadziwe ngati ife tabisa, ndicho kuchuluka kwa madzi amene tikupopa. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo kuyambira 2018 mwini borehole aliyense ayenera kuilembetsa, ndiponso okumba ayenera kukhala ndi chilolezo. Ambiri amaona ngati ndi njira yongotolera ndalama. Koma borehole yosalembedwa ili ngati mwana wodya m'nyumba amene mayi sanamuwerengere potapa ufa: nsima imaperewera, ndipo palibe adziwa chifukwa chake. Chifanizo chopangidwa ndi manambala abodza chimapereka malangizo abodza, ndipo ovutika nawo ndife tomwe.

Kusinthana kwenikweni

Alendo ofufuza madzi a Lusaka sanayambe lero. Mu 1963, dziko lino lisanalandire ufulu, akatswiri a boma la atsamunda analemba za miyala ndi madzi a pansi a dera lino. Mu 1978 akatswiri a ku Germany anachita kafukufuku wamkulu wa madzi a mzindawu. Kenaka mwana wa dziko lino, a Daniel Nkhuwa, anapita ku Aachen m'dziko la Germany lomwelo, ndipo mu 1996 anatsiriza maphunziro awo apamwamba polemba za mavuto a mzinda womangidwa pathanthwe la mphako, ndiwo Lusaka wathu yemweyu. Chokondweretsa ndi chakuti iwo anabwerera kwawo nadzaphunzitsa achinyamata ambiri pa Yunivesite ya Zambia. Payunivesite yomweyo panakhazikitsidwa likulu la maphunziro a kasamalidwe ka madzi mothandizidwa ndi dziko la Denmark, ndipo ena mwa ophunzira athu anakachita kafukufuku wawo kumeneko. Cha m'ma 2012 bungwe la BGR la ku Germany, pamodzi ndi nthambi ya boma lathu yoona za madzi, linatulutsa mapu osonyeza madera a Lusaka amene madzi ake a pansi angaipitsidwe msanga, ndiponso chifanizo cha kompyuta cha nkhokwe yathuyi.

Zonsezi ndi zabwino, ndipo akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wophunzira wakunja amabwera ndi zipangizo, luso la mapulogalamu ndi zitsanzo za m'mizinda ina. Wophunzira wathu amadziwa chinenero, amadziwa kugwada pofika pakhomo, ndipo ndiye adzatsala kuno mnzake akakwera ndege. Aliyense amatola kanthu kwa mnzake. Koma pakusinthana kumeneku pali munthu wachitatu amene amaiwalika kawirikawiri, ndiye mwini chitsime. Iye amapereka madzi ake, nthawi yake ndi zokumbukira zake. Nanga iye amalandira chiyani? Malipoti ochuluka amalembedwa m'Chingerezi chozama, nawerengedwa m'misonkhano ya m'mahotela. Mapu aja osonyeza malo oopsa akhalapo zaka zoposa khumi, koma ndi angati mwa ife amene anawaonapo? Mwana wa sukulu amalandira digiri yake, pamene ambuya sadziwa ngati madzi amene anatengedwa m'kabotolo anapezeka abwino kapena ayi.

Chifukwa chake tikupempha aphunzitsi otumiza achinyamatawa kuti ntchito isamathere pa mayeso. Amene watenga madzi pakhomo la munthu abwerere kukanena zimene wapeza, m'chinenero chimene mwini khomo amva. Manambala onse oyezedwa m'nthaka ya Zambia atsale m'Zambia, kuti wophunzira wa chaka chamawa asayambirenso pachiyambi. Ndipo ndege isamangotera kuno kokha. Ana athunso azipita kukaona m'mene anzawo amasamalira madzi awo, n'kubwerako. Mabwalo ofotokozera zotsatira alipo kale: maholo a maparishi, masukulu, zipatala zazing'ono ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi.

Tiyeneranso kunena mosabisa za mantha a ambuya aja. Zitsime zosaya za m'makomboni zambiri ndi zoipitsidwa, ndipo pa nthawi ya mliri boma silingakhale chete. Koma kukwirira chitsime popanda kubweretsa mpopi wodalirika kumangophunzitsa anthu kubisa. Anzathu a ku George ndi mboni kuti njira ina ilipo. Pambuyo pa kolera wa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, dziko la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya, kuimika matanki ndi kuika mipopi ya onse m'komboniyo. Pamene mpopi ukutuluka madzi tsiku lililonse pamtengo wotheka, chitsime chosaya chimasiyidwa popanda msilikali.

Nanga ife titani?

Choyamba, ana a sukulu akafika ndi tepi yawo, tiwafunse kalata yosonyeza kumene achokera, kenaka tiwalandire ndi kuwauza zoona. Tiwauze za chitsime, za dambo lakale, za pamene nthaka inatitimira, ndi za mwezi umene chimbudzi chimasefukira. Tisaiwalenso kuwafunsa tsiku limene adzabwere ndi yankho.

Chachiwiri, tisamale chimene tikuika m'nthaka. Malamulo amafuna kuti pakati pa borehole ndi chimbudzi kapena dzenje la zonyansa pakhale mamita 30, koma tonse tidziwa kukula kwa maploti athu. Mamita 30 amakufikitsani pakhomo lachitatu, ndipo pathanthwe la mphako ngakhale mtunda umenewo sutsimikiza kanthu. Ndiye kuti yankho la m'komboni si borehole pakhomo lililonse, koma madzi a m'mipope osamalidwa bwino. Chimbudzi chikhale chowaka m'kati, ndipo chikadzaza tiitane ochotsa zonyansa ovomerezeka m'malo mokumba dzenje lina pambali. Maenje osiyidwa ndi okumba miyala si kudzala. Kutayamo zinyalala, matewera kapena mafuta akuda a galimoto n'chimodzimodzi kuzithira mumtsuko. Madzi akumwa, kaya achokera kuti, tiziwawiritsa kapena kuthiramo klorini, makamaka m'dzinja.

Chachitatu, amene tili ndi kabwalo tisakakute konse ndi simenti. Tisiye mpata wa mtengo ndi kadimba, kutali ndi chimbudzi, kuti madzi oyera a padenga apeze polowera. Ndipo tikamva kuti nkhalango ina yagawidwa maploti, tisati zili kutali. Madzi amene akanalowa kumeneko ndi omwe akanatuluka pampopi wa mdzukulu wathu.

Potsiriza, tiyang'ane ana athu. Mtsikana amene amadzuka mbandakucha ndi chigubu kukaima pamzere wa kumpopi adziwa kale za madzi kuposa ambiri okhala m'maofesi. Chimene akusowa ndi masamu, sayansi ndi makolo omulimbikitsa kuti asasiye sukulu. Mtsikana wa tepi uja anakulira m'komboni ngati yathu yomweyi, ndipo n'chifukwa chake anadziwa kulankhula ndi ambuya mpaka lata linachoka pachitsime.

Potsanzika, iye anagwira dzanja la ambuyawo ndi manja awiri nati, "Ambuya, mvula ikagwa tidzabweranso kudzayeza, ndipo tidzakuuzani zonse zimene tapeza." Ambuya anayankha kuti, "Pitani bwino, adzukulu anga. Chitsime sichisamuka, mudzandipeza pompano."

Nafenso tikudikira pamodzi nawo.